KUMWERA KWA AFRICA: Mbewu zopirira chilala zikuyenda ndi adani ake

LILONGWE — Chilala chimene chinagwa kumwera kwa Africa m'nyengo ya ulimi ya 2023/24 chinakumbutsa atsogoleri a m'chigawochi mfundo imene akatswiri a zaulimi akhala akuinena kwa zaka zambiri, yakuti kudalira chimanga chokha n'kuika moyo wa anthu pa chiswe. Dziko la Zambia linalengeza kuti lili pa ngozi mu February 2024, dziko la Malawi linatsatira mu March pamene linati maboma 23 mwa 28 a m'dzikolo akhudzidwa, ndipo dziko la Zimbabwe linachita chimodzimodzi mu April. Mu May chaka chomwecho bungwe la SADC linapempha thandizo la madola 5.5 biliyoni a ku America kuti lifikire anthu oposa 61 miliyoni.

Kuyambira pamenepo, uphungu umene wamveka kwambiri kuchokera ku maunduna a zaulimi ndi mabungwe othandiza ndi wakuti alimi awonjezere chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba ndi zipatso m'minda mwawo. Uphunguwu ndi wanzeru, pakuti chinangwa chimakhalabe m'nthaka ngakhale mvula idule, ndipo mlimi amatha kuchikumba pa nthawi imene nkhokwe yauma. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chinangwa chimabzalidwa kuchokera ku mitengo yodula ndipo nthochi zimabzalidwa kuchokera ku ana a nthochi, ndipo mbewu zimenezi zimayenda pa malole, pa njinga ndi m'mabwato kuchoka boma lina kupita lina, mpaka kudutsa malire a mayiko. Limodzi nazo pamayenda tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a m'zomera, komanso matenda amene tizilomboti timafalitsa.

Mbiri ya zaka 50 zapitazi ikusonyeza kuti tizilombo timeneti tagwetsapo njala m'maboma athunthu ndiponso tathetsa ulimi wa nthochi m'madera amene ankatchuka nawo. Ikusonyezanso kuti njira imene inagonjetsa mdani woyamba, kodikodi, siingakwanire pa adani amene alipo lero, ndi kuti chitetezo chenicheni cha mbewu zimenezi chagona pa ukhondo wa mtengo kapena mwana wa nthochi amene mlimi akubzala.

Kadyedwe ka tizilomboti

Dzombe ndi mbozi zimatafuna masamba n'kusiya mabowo oonekera patali. Nsabwe za m'mbewu, tintchentche toyera ndi kodikodi zili ndi mlomo wonga singano umene zimabaya nawo tsamba kapena nsonga ya chomera mpaka kufika m'mitsempha yoyendamo chakudya. Madzi a m'mitsemphamo ali ndi shuga wambiri koma zomanga thupi n'zochepa, choncho kachilombo kamayenera kuyamwa ochuluka zedi, ndipo otsalawo kamawatulutsa ngati timadzi tomata totsekemera. Timadziti timaitana nyerere, zimene zimasanduka alonda a tizilomboto pothamangitsa adani ake, ndipo pamasamba pamene tagwera pamamera chuku chakuda ngati mwaye chimene chimatchinga dzuwa.

Kuswana kwake n'kodabwitsa. Nsabwe zambiri za m'madera otentha sizifuna yaimuna. Yaikazi imabereka ana amoyo, amene nawonso amayamba kubereka patangotha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo malo akachepa pamabadwa zina za mapiko zimene mphepo imazitengera ku munda wina. Kodikodi wa chinangwa nayenso ndi wamkazi yekhayekha, ndipo mmodzi amaikira mazira mazana angapo. Mvula yamphamvu imakokolola tizilombo tambiri ta mtunduwu pa masamba, pamene nyengo yotentha ndi youma imatikomera. N'chifukwa chake nsabwe ndi kodikodi zimachuluka m'zaka zomwezo zimene mlimi amayembekeza kupulumukira pa mbewu zopirira chilala.

Kuwononga kwake kuli pawiri. Tina timafoola chomera ndi mlomo wake wokha. Tina timatenga vairasi pa chomera chodwala n'kukaithira pa chomera chabwino. Kusiyana kumeneku ndiko kumalongosola chifukwa chake nkhondo ina inatha msanga pamene zina zikupitirirabe.

Chaka cha kodikodi

Chinangwa chinachokera ku South America ndipo chinafika ku Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Kwa zaka pafupifupi 400 chinalimidwa kuno popanda kodikodi. Mu 1973 kachilomboka, kamene akatswiri amakatcha Phenacoccus manihoti, kanapezeka koyamba m'madera ozungulira Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo zikuoneka kuti kanabwera pa mitengo ya chinangwa imene inalowa popanda kupimidwa. Popeza adani ake anatsala kutsidya kwa nyanja, kanafalikira popanda chokatchinga, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kanali katafika pafupifupi m'mayiko onse olima chinangwa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Malovu ake amapinimbiritsa nsonga ya chinangwa, masamba n'kuunjikana ngati chibakera, ndipo m'minda yokhudzidwa kwambiri zokolola zinkatsika ndi magawo ofika 80 pa 100 alionse.

Ku Malawi kodikodi anamveka cha m'ma 1985 m'boma la Nkhata Bay, kumene kondowole ndiye nsima ya tsiku ndi tsiku ndipo chigwada ndiyo ndiwo yake. Kachilomboka kanawononga zonse ziwiri pa nthawi imodzi. Mu 1986 ndi 1987 mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja anasowa chakudya, ndipo panafunika kugawa chimanga kwa anthu amene kale sankachidalira. Chigwa cha Luapula ku Zambia chinakumana ndi vuto lofananalo m'zaka zomwezo.

Mankhwala sakanathandiza. Chinangwa chimalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'minda yomwazikana, ndipo kodikodi amabisala m'masamba opiringizika atadzikuta ndi phula loyera ngati ufa. Bungwe lofufuza zaulimi la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, linasankha njira ina motsogozedwa ndi katswiri wa ku Switzerland, Hans Herren. Linaganiza zofufuza kwawo kwa kachilomboka kuti lidziwe chimene chimakachepetsa kumeneko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Anthony Bellotti wa bungwe la CIAT anapeza kodikodi ku Paraguay, kumene anali wosowa kwambiri moti sankavuta alimi. Chimene chinkamuchepetsa chinali timavu tating'ono ngati njere ya mawere, totchedwa Anagyrus lopezi, timene timaikira dzira m'thupi mwa kodikodi ndipo mphutsi yake imamudya kuchokera m'kati.

Titapimidwa ku England pofuna kutsimikiza kuti sitikabweretsa vuto lina, timavuti tinamasulidwa ku Nigeria mu 1981. Kenaka tinaswanitsidwa tambirimbiri n'kumwazidwa m'mayiko oposa 20, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, nthawi zina pogwiritsa ntchito ndege. Patapita zaka zochepa kodikodi anatsika kufika poti sankaopsezanso chakudya cha anthu. Kumene ankaonekabe kwambiri kunali m'minda ya mchenga yoguga yosaphimbira nthaka, kumene chinangwa chake chimakhala chofooka kale.

Mlimi sanagule kanthu, ndipo timavuti tikugwirabe ntchito mpaka lero. Mu 1988 katswiri wa zachuma Richard Norgaard anawerengera kuti dola iliyonse imene inalowa pa ntchitoyi inabweza madola 149. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Kodikodi atatulukira ku Thailand mu 2008, timavu tomweti tinatengedwa ku malo a IITA a ku Benin n'kukamasulidwa kumeneko mu 2010.

Tintchentche toyera ndi matenda a chinangwa

Timavu tinapambana chifukwa kodikodi ankawononga ndi mlomo wake wokha, kotero kuti chiwerengero chake chitatsika, kuwononga nakonso kunatsika. Kachilombo kofalitsa vairasi n'kosiyana. Ngakhale adani ake atakachepetsa kwambiri, tochepa totsalato timakwanabe kudwalitsa munda. Ndipo pa mbewu yobzalidwa kuchokera ku mtengo wodula, vairasi ikalowa siitulukanso, pakuti kachidutswa kalikonse kochokera pa chomera chodwala kangathe kumera ndi matendawo.

Tintchentche toyera, timene akatswiri amatitcha Bemisia tabaci, ndi gulu la mitundu yoposa 30 yofanana kwambiri moti maso sangaisiyanitse. Gululi limapezeka pa chinangwa, thonje, tomato, nyemba, mbatata, fodya ndi zomera zambiri za m'tchire, choncho silisowa pokhala nyengo iliyonse. Pa chinangwa limafalitsa matenda awiri aakulu.

Oyamba ndi khate la chinangwa, limene limachititsa masamba kukhala a mawangamawanga achikasu ndi opunduka. Matendawa ndi akale ku Africa, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku Uganda kunabuka mtundu wake woopsa umene unkayenda limodzi ndi tintchentche tochuluka modabwitsa. Pa nthawi imene mliriwo unafika pachimake m'zaka za m'ma 1990, akatswiri anayerekeza kuti dzikolo linkataya matani 600,000 a chinangwa pa chaka, a mtengo wa madola 60 miliyoni. Mliriwo unalowa ku Kenya, Tanzania, Rwanda, Burundi ndi Democratic Republic of Congo. Chimene chinauziziritsa chinali kugawa mitundu ya chinangwa yopirira khate.

Achiwiri ndi matenda owoletsa chinangwa, amene m'mabuku amalembedwa mwachidule kuti CBSD. Katswiri wina, H. H. Storey, anawafotokoza koyamba mu 1936 ku Amani m'dziko limene tsopano ndi Tanzania, ndipo kwa zaka zambiri ankadziwika ngati matenda a m'madera otsika okha, monga gombe la nyanja ya mchere ya India ndi mphepete mwa nyanja ya Malawi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapezeka atafala m'zigawo za Nampula ndi Zambezia ku Mozambique. Mu 2004 anabuka ku Uganda, dera lokwera limene ankaganiziridwa kuti sangakhazikikeko, ndipo mitundu ina imene inagawidwa chifukwa chopirira khate inapezeka kuti siipirira matenda amenewa. Kuchoka apo anafalikira m'mayiko ozungulira nyanja zikuluzikulu, ndipo mu 2017 anapezeka kumpoto kwa Zambia, m'maboma a Chienge ndi Kaputa.

Kuopsa kwa matendawa n'kwakuti amabisala. Zizindikiro za pa masamba zimakhala zosaoneka bwino ndipo nthawi zina zimazimirira, moti munda umaoneka wobiriwira mpaka tsiku lokumba. Ndi chikomekome cha mkuyu, pakuti chinangwacho akachidula m'kati mwake amapeza zigamba zouma zofiirira zosadyeka. Mlimi amataya chakudya chimene wachiyembekezera chaka chathunthu, ndipo kawirikawiri amakhala atagawira kale anzake mitengo ya m'munda womwewo.

Kafukufuku wasonyeza kuti kantchentche koyera kamasunga vairasi ya matendawa kwa nthawi yochepa ndipo kamaifikitsa pa mtunda waufupi. Maulendo aatali, ochoka dziko lina kufika lina, matendawa amayenda pa mitengo yobzala imene anthu anyamula. Apa ndi pamene ntchito yogawa mbewu pa nthawi ya ngozi ingathe kuvulaza anthu omwe ikufuna kuwathandiza. Chilala kapena namondwe akadutsa, monga anachitira Freddy kumwera kwa Malawi ndi ku Mozambique mu March 2023, pamafunika mitolo yambiri ya chinangwa m'masabata ochepa, ndipo wogula amene ali pa changu amakopeka kutenga kulikonse kumene mitengo ikupezeka. Msika nawonso ukukoka. Kuyambira 2011, pamene mowa wa Impala wofululidwa ndi chinangwa unayamba kugulitsidwa ku Mozambique, makampani a mowa ndi a ufa m'chigawochi akhala akulimbikitsa alimi kukulitsa minda, ndipo munda uliwonse watsopano umafuna mitengo yochokera kwina.

Chisaka ndi nthochi za ku Thyolo

Chitsanzo chowawa kwambiri cha m'zaka zaposachedwa ndi nthochi. Nsabwe ya nthochi, Pentalonia nigronervosa, ndi kachilombo kakuda kamene kamabisala m'makwawa a masamba ndi pa tsinde la ana a nthochi. Payokha siwononga kwenikweni. Koma ikayamwa kwa maola angapo pa nthochi yodwala chisaka, imasunga vairasiyo moyo wake wonse. Nthochi yodwala imatulutsa masamba aafupi, opyapyala ndi oimirira, ounjikana pamwamba, ndipo ikadwala idakali yaing'ono siibereka mkoko n'komwe. Ana onse a phata limenelo amatengera matendawo. Mankhwala ochiza kulibe, ndipo mwa mitundu ya nthochi imene alimi amalima palibe umene umakaniratu chisaka.

M'chigwa cha Congo matendawa anadziwika m'zaka za m'ma 1950. Ku Malawi anaoneka cha m'ma 1994 m'dera la Thiwi m'boma la Nkhotakota ndipo anatsimikizidwa mu 1997. M'zaka zotsatira anakwera kupita ku Nkhata Bay ndiponso anatsika kufika ku Thyolo ndi Mulanje, maboma amene nthochi zake zinkadzaza misika ya Blantyre ndi Limbe ndipo zinkalipirira ana sukulu. Boma litalangiza kuti nthochi zonse zodwala zizulidwe, alimi ambiri anazengereza, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kuzula phata la nthochi ndi ntchito yolemetsa, mbewu yabwino yobzala m'malo mwake inali yochepa, ndipo amene wazula pamene mnzake woyandikana naye sanazule amaona mbewu yake yatsopano ikudwalanso.

Zotsatira zake n'zakuti dziko limene linkadzidyetsa lokha nthochi linayamba kudalira zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mu April 2025 nthochi zinali m'gulu la zokolola zimene zinautsa mkangano wa zamalonda, pamene dziko la Tanzania linaletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi ku South Africa ponena kuti mayiko awiriwo akutsekereza katundu wake. Chiletsocho chinachotsedwa patapita masiku ochepa. Pa nthawiyo nkhani inali ya misika ndi ndalama zakunja, koma nthochi za ku Tanzania zinapeza malo m'misika ya Mzuzu ndi Lilongwe kaamba ka nsabwe ndi vairasi imene imanyamula.

Mayiko ogulitsawo nawonso sali pabwino. Chisaka chinapezeka ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa mu 2015, m'chigawo cha Gaza ku Mozambique mu 2016, ndiponso m'chigawo cha Kigoma ku Tanzania kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Chiliponso ku Zambia ndi ku Angola.

Kuti chisaka chingathe kuletsedwa, umboni wake uli ku Australia. Matendawa anagwetsa ulimi wa nthochi kum'mawa kwa dzikolo m'zaka za m'ma 1920, ndipo katswiri wina, C. J. P. Magee, anatsimikiza kuti nsabwe ndiyo imawafalitsa. Boma linaika lamulo loletsa kusamutsa ana a nthochi popanda chilolezo, linalemba anthu oyendera minda, ndipo linakakamiza kuwononga phata lililonse lodwala. Ulimiwo unadzukanso, ndipo ngakhale matendawa sanatheretu, akhala otsekeredwa m'dera lochepa kwa zaka pafupifupi 100. Chimene chinagwira ntchito kumeneko ndi kuyendera minda kosalekeza ndiponso kuchitira zinthu pamodzi dera lonse.

Mtedza uli ndi mwayi wake

Mtedza ukuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Matenda a kadukutu, amene amapinimbiritsa mtedza n'kuusiya wopanda nyemba pansi, amafalitsidwa ndi nsabwe yotchedwa Aphis craccivora, imene imakhalanso pa khobwe ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba. Mu 1975 mliri wake unawononga mahekitala pafupifupi 700,000 kumpoto kwa Nigeria. Pakati pa zaka za m'ma 1990, zimenenso zinali za mvula yochepa, unakantha chigawo chapakati cha Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, kumene mahekitala pafupifupi 43,000 anakhudzidwa mu 1995.

Mwayi wa mtedza ndi wakuti kadukutu sayenda mu njere. Chaka chilichonse mbewu imayamba ili yoyera, ndipo matenda amabwera ndi nsabwe zouluka. Choncho mlimi ali ndi zida m'manja mwake. Kubzala ndi mvula yoyamba kumathandiza mtedza kukhwima nsabwe zisanachuluke. Kubzala mothithikana, kuti masamba aphimbe nthaka msanga, kumachepetsa nsabwe zotera m'munda, pakuti zimakopeka ndi mbewu yotalikirana pa dothi loonekera. Kuzula mtedza womera wokha m'chilimwe kumachotsa pobisalira pake.

Akatswiri a bungwe la ICRISAT, amene akhala pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze pafupi ndi Lilongwe kuyambira mu 1982, anathandizanso kupeza mitundu yopirira. Mtedza wa Nsinjiro, umene unavomerezedwa ku Malawi mu 2000, ndi womwewo umene ku Zambia amautcha Chishango, ku Mozambique Mamane ndipo ku Uganda Serenut 2. Mtundu wa Baka uli ndi chikhalidwe china, chakuti nsabwe zenizenizo sizikula bwino pa iwo. Ntchito ya malo amodzi inafikira mayiko anayi chifukwa mbewu ya njere imanyamulika, imasungika ndipo imapimika mosavuta. Chinangwa ndi nthochi zilibe mwayi umenewu, ndipo ndi pa mbewu zimenezi pamene makampani ogulitsa mbewu sapezapo phindu lokwanira kuti aikepo ndalama zawo.

Botolo la mankhwala

M'madimba a m'mbali mwa mizinda, kuyambira Lusaka mpaka Harare ndi Lilongwe, nsabwe pa kabichi, repu ndi mpiru komanso tintchentche toyera pa tomato zimakumana ndi yankho limodzi, lomwe ndi kupopera. Chizolowezichi chinakula pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga zinafika m'chigawochi kumapeto kwa 2016 ndi kumayambiriro kwa 2017, maboma n'kuyamba kugula ndi kugawa mankhwala ochuluka.

Pa tizilombo toyamwa, kupopera kosasankha kumabweretsa mavuto atatu. Mankhwala ambiri otsika mtengo amapha kachilombo kalikonse, kuphatikizapo timavu ndi tizikumbu tofiira ta madonthomadontho timene timadya nsabwe, ndipo popeza nsabwe zimaswana msanga kuposa adani ake, zimabwerera zili zochuluka kuposa kale. Chachiwiri, tizilombo toswana mibadwo yambiri pa chaka timazolowera mankhwala mwachangu. Chachitatu, mankhwala sabweza vairasi imene yalowa kale m'chomera, ndipo kachilombo katsopano kochokera ku munda woyandikana kangathe kuithira mankhwalawo asanakaphe.

Dziko la Sudan linaphunzira zimenezi movutikira. M'minda ya thonje ya Gezira, kupopera kobwerezabwereza kwa m'zaka za m'ma 1970 kunasandutsa kantchentche koyera, kamene kale sikanali vuto lalikulu, kukhala mdani wamkulu. Timadzi take tomata tinkaipitsa thonje moti linkatsika mtengo pa msika wa kunja. Ku Ulaya, bungwe la European Union mu 2018 linaletsa kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya mankhwala olowerera m'chomera, imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam, poteteza njuchi. Mankhwala a mtunduwu ndi amene amadaliridwa kwambiri polimbana ndi nsabwe, ndipo akugulitsidwabe m'mayiko ambiri a mu Africa.

Njira zina zilipo. Kafukufuku amene anachitika pa nyemba ku Malawi ndi ku Tanzania anaonetsa kuti madzi a masamba a ombwe ndi deliya amachepetsa nsabwe koma osapha adani ake ambiri monga amachitira mankhwala ogula. Anaonetsanso kuti mitengo ina ya ombwe ilibe mphamvu yophera tizilombo ngakhale imaoneka chimodzimodzi ndi inzake, kutanthauza kuti njira za kumudzi nazonso zimafuna mlangizi wodziwa.

Malamulo alipo, oyendera minda ndi ochepa

Bungwe la FAO limati tizilombo ndi matenda zimawononga magawo ofika 40 pa 100 alionse a zokolola za padziko lonse chaka chilichonse. Mapangano othana ndi vutoli alipo. Pangano la mayiko loteteza zomera linakhazikitsidwa mu 1951, ndipo mabungwe a SADC ndi COMESA onse ali ndi ndondomeko zogwirizanitsa malamulo a mbewu. Komabe kuyendetsa ndondomekozi kwapita patsogolo kwambiri pa mbewu za njere monga chimanga, zimene zimadutsa pa zipata zovomerezeka zili m'matumba olembedwa. Mtolo wa chinangwa umene mayi wanyamula pochokera kukaona abale kutsidya kwa mtsinje wa Songwe kapena Luapula sudutsa pa chipata chilichonse, ndipo palibe boma limene lingaike mlonda pa njira iliyonse ya kumudzi.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri a matenda a zomera amaona kuti njira yodalirika ndiyo kuchulukitsa mbewu yoyera pafupi ndi alimi, kuti asakhale ndi chifukwa chokatenga yokayikitsa kutali. Izi zimafuna malo ochulukitsira mbewu yopanda vairasi m'malabotale, minda yochulukitsira yotalikirana ndi minda ina, ndi anthu ophunzitsidwa oyendera mindayo mbewu isanadulidwe. Ku Tanzania, m'maboma a Mkuranga ndi Chato, akatswiri a IITA ndi a boma anayesa njira yoti mudzi wonse uzule chinangwa chodwala pa nthawi imodzi n'kubzala mbewu yoyera ya mtundu wopirira, ndipo matenda owoletsa chinangwa anachepa pamene zokolola zinakwera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa matenda oyenda ndi tizilombo touluka mwambiwu ndi mfundo ya sayansi.

Pali zinthu zitatu zimene maboma ndi mabungwe othandiza angachite popanda kudikira kafukufuku watsopano. Mbewu ya chinangwa kapena nthochi yogulidwa ndi ndalama za boma kapena za othandiza iyenera kuchokera m'munda umene wayenderedwa ndi wopima, ndipo isachoke m'dera la matenda kupita kumene kulibe. Lamulo lozula nthochi zodwala liyenera kufika limodzi ndi mbewu yobzala m'malo mwake komanso chakudya kapena mbewu ina yodalira m'miyezi yodikira. Ndipo mankhwala amene boma likugawa ayenera kusankhidwa poganizira timavu timene takhala tikuteteza chinangwa kwaulere kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Zonsezi zimafuna ndalama za chaka ndi chaka zolipira alangizi, opima ndi mafuta oyendera, pamene gawo lalikulu la ndalama za ulimi ku Malawi ndi ku Zambia lakhala likupita ku feteleza ndi mbewu ya chimanga zotsika mtengo. Ntchito yopima mbewu siioneka pa msonkhano wa ndale monga limaonekera thumba la feteleza. Koma kuchulukitsa chinangwa n'kochedwa, pakuti mtengo umodzi umapereka zidutswa zobzala pafupifupi khumi pa chaka pamene njere imodzi ya chimanga imabereka njere mazana. Mbewu yoyera imene idzafunike chilala china chikadzagwa iyenera kukhala ili kale m'minda yochulukitsira zaka ziwiri kapena zitatu chilalacho chisanafike.